Ng'ombe Yanga Inakandiitanira Namwino

Nkhwangwa inatsetsereka pachitsa n'kundidula pamwamba pa kakolo. Abale mwa Ambuye, moni. Ndine Tembo, mlimi wa ku Chalimbana. Sindine wolankhulalankhula, koma za mwendo uwu ndiyenera kunena.

Ng'ombe ikanyuka ndi goli timaipaka oilo wakuda wa mu injini kuti ntchentche zisatere. Nanenso ndinapaka yemweyo pabala, ndinamanga chisanza, ndinavala jombo n'kubwerera kumunda. Mvula inali itagwa. Mkazi wanga anati tipite kuchipatala, ine ndinati tikamaliza kubzala.

Tsiku lachinayi jombo inakana kulowa. Mwendo unatupa, unkatentha, unkagunda ngati muli mtima wina m'kati. Mafinya anayamba kutuluka, onunkha. Kenaka mzere wofiira unayamba kukwera kulowera kubondo, mwanabere anatupa, ndipo ndinkanjenjemera dzuwa likuswa mtengo. Ndinagona pamphasa, ndikuganiza za munthu wina wa kwathu ku Petauke amene anadulidwa mwendo. Mlimi wa mwendo umodzi agwira bwanji pulawo?

Pemphero langa linali lalifupi. Ndinati: Ambuye, mwendo uwu ndi umene umadyetsa nyumba ino. Onani Inu.

Pafupi ndi ife pali Amai Chanda, a ku Lusaka, amene anagula puloti n'kumangapo nyumba. Ng'ombe zanga zinawadyerapo ndiwo za m'dimba, tinakangana, ndipo zaka ziwiri sindinawapatse moni. Masana a tsiku lomwelo, poti ndinali gone, ng'ombe imodzi inathyola mpanda wawo. Anabwera atakwiya. Atafika pakhomo anaima. Fungo linawauza.

Anagwada n'kumasula chisanza. Anafunsa chimene ndinapakapo. Ndinawauza.

"Ba Tembo, ndimwe ng'ombe imwe?"

Sindinadziwe kuti mayiyu anagwira unamwino zaka zambiri. Anauza mkazi wanga awiritse madzi, athiremo mchere pang'ono, azizire. Anasamba m'manja ndi sopo, anatsuka balalo, anaphimba ndi nsalu yoyera. Kenaka anatenga cholembera n'kuzunguliza mzere pomwe kufiira kunalekezera, kuti achipatala aone ngati kukufalikira.

"Nizaleta motoka. Ichi sichiyembekeza mailo," anatero, kutanthauza kuti akukatenga galimoto, tisadikire mawa.

Kuchipatala ku Chongwe anachotsa mafinya, anandibaya jekeseni wa kafumbata, anandipatsa mankhwala a m'mitsempha. Dokotala sanandilonjeze kanthu. Anangoti tione mzere wa cholembera uja.

M'mawa uliwonse ndinkauyang'ana. Tsiku loyamba kufiira kunaima pamzere penipeni. Tsiku lachiwiri kunabwerera m'mbuyo, ngati chala chimodzi. Lachitatu, zala zitatu. Ndinkaona ndi maso anga matenda akubwerera ngati madzi a mumtsinje mvula ikatha. Ndinachita mantha, abale. Ndinapempha thandizo, ndipo Mulungu anatuma ng'ombe kukathyola mpanda wa munthu amene sindinkamupatsa moni. Ndani akanaganiza njira yotere?

Ndimuyamika. Inunso musafooke popemphera, koma bala likatupa, likatentha, likanunkha kapena kufiira kukamakwera, pitani tsiku lomwelo. Oilo siyirani ng'ombe, kaya nazonso zimangopirira.

Nditachira ndinadula mitengo isanu n'kukakonza mpanda uja. Amai Chanda anatuluka, anafunsa kuti mwendo uli bwanji. Mawu othokoza ndinali nditawakonza njira yonse. Mawuwo anakana kutuluka. Ndinakweza buluku n'kuwaonetsa chipsera, ndinagwedeza mtengo womaliza kuona ngati walimba, ndinanyamula nkhwangwa yanga n'kumapita, ndi miyendo yonse iwiri.