Mpango wa Rahila

Pa siteji ya basi ku Nkhotakota, bambo wina wovala mkanjo woyera anakhalira sutikesi yamalata. Mayi wogulitsa mpunga pambali pake ankangoiyang'ana sutikesiyo.

"Ulendo wakuti, bambo, maloko awiri onsewa?"

"Ku Maka, mayi, kumalo oyera a ife Asilamu. Basi mpaka ku Chileka, kenako ndege."

"Eee! Ndiye munthu amatenga chiyani popita kutali choncho?"

"Pasipoti, khadi la katemera, nsalu zoyera ziwiri zopanda msoko. Khadi lachipani lili m'thumbamu, anyamata achipani aja angandibweze pakhomo pa basi."

"Nanga mpango wachizimayi ukusuzumira m'thumbamowo? Mukavala inu?"

"Ngwa mkazi wanga, Rahila. Zaka zonsezi tinkalima mpunga ku Bua kuti tidzapite awiri. Anatisiya mvula itangoyamba."

"Pepani, bambo. Pakamwa pangapa."

"Ankati akadzakwera ndege adzayang'ana pansi, aone ngati nyanja yathuyi imaoneka yonse, kuyambira tsidya lino mpaka tsidya lija."

"Ndiye mukamuonere inu."

"Ine maso anatha, mayi. Ndikangopempha mpando wapawindo, ndikayale mpangowu pagalasi. Akaone yekha."