Envelopu imene sindinapereke ku Tete

Abusa, akuluampingo, amayi, abambo, abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu.

Ndikufuna kuchitira umboni. Mukundidziwa kuti sindine munthu wa mawu ambiri, choncho ndalemba papepala kuti ndisathawire pakati.

Ambiri a inu munabwera kudzaika mkazi wanga Felizarda nthawi ya mvula yapitayi. Munkamudziwa monga mphunzitsi wa ku Ntengo-Wambalame, uja ankaima kumapeto kwa kwaya yathu. Ine munkandidziwa monga mwamuna wabwino. Pamaliro munanena choncho, ndipo ndinakhala chete. Lero ndabwera kudzakonza mawu amenewo.

Felizarda ankavutika mtima ndi chinthu chimodzi. Chaka chilichonse, kachewere akakumbidwa, atsikana m'kalasi mwake ankachepa. Wina wakwatiwa, wina watumizidwa kukalera ana a achibale ku Furancungo, wina wangosowa. Ankalemba mayina awo m'kope, ndi chifukwa chake akachidziwa. Kenako anamva za bolsa, thandizo lolipirira munthu maphunziro, chakudya ndi pogona. Inali ya amayi a m'maboma akumidzi, kuti akaphunzire zaka ziwiri ku univesidade ina ku Maputo, maphunziro ofufuza za moyo wa amayi ndi atsikana. Tsiku limenelo anabwera kunyumba akuthamanga, choko chili m'tsitsi.

Anakonzekera miyezi iwiri. Anapita ku Tsangano kawiri kukadinditsa masatifiketi. Kalata yofotokoza cholinga chake anailemba kanayi, ndipo Chipwitikizi chake ndinachikonza ndine. Inali kalata yabwino, abale. Ndinapita ku sukulu, ndimadziwa kalata yabwino ndikaiona.

Mapepalawo ankafunika kuperekedwa pamanja ku ofesi ina ku Tete. Ine ndinali ndi msonkhano wa alangizi a zaulimi komweko sabata lomaliza, choncho anandipatsa. Anakulunga envelopuyo mu pulasitiki chifukwa cha fumbi.

"Bambo a Nelsa," anatero, "musaikhalire. Ndimakudziwani mukakwera shapa."

M'shapamo, m'minibasi muja, ndinali ndi mnzanga wa kuntchito. Atamva zimene ndanyamula anaomba m'manja. "Iwe ndiye wolimba mtima! Akadzabwerako uzidzatsuka mapoto uku iye akukuwerengera malamulo a nyumba." Anthu anaseka. Inenso ndinaseka. Koma musamuimbe mlandu mnzangayo. Iye anangotchula zimene zinali kale mwa ine. Sindinkaopa mapoto. Ndinkaopa kuti mkazi wanga adzandipitirira, adzakumana ndi anthu odziwa zambiri, ndipo akadzabwera adzandiona mmene ndilili, munthu wa njinga yamoto ndi mbewu za nyemba.

Tsiku lomaliza lolandira mapepala ndinafika pa ofesiyo masana. Sindinasochere. Sindinachedwe. Ndinaima kutsidya kwa msewu, pansi pa mtengo, m'kutentha kwa ku Tete kuja, ndikuona amayi akulowa ndi maenvelopu awo, akutuluka manja ali lende. Ndinaima maola awiri. Mlonda anatseka geti, ndipo ndinamuona akukhoma loko.

Nditafika kunyumba anandichingamira pamsewu.

"Mwapereka?"

"Ndapereka."

Anapha nkhuku, abale. Ndinadya.

Mayina a opambana atatuluka, mnzake anamutumizira chithunzi cha mayinawo pa foni. Anawerenga katatu, akutsata ndi chala. Kenako anaika foni pansi, nati, "Basi. Mutu wanga ndi wa kalasi yachinayi yomweyi imene ndimaphunzitsa." Sanalire. Anatenga makope a ana n'kuyamba kuchonga. Kuyambira pamenepo kope la mayina lija sanalitsegulenso.

Chaka chotsatira bolsa inalengezedwanso. Ndinati, "Yesanso." Ndinkaganiza kuti ulendo uno ndikapereka, nkhani idzadzikonza yokha, iye osadziwa kanthu. Anangoti, "Ayi bambo, ndinayesa. Tiwasiyire anzeru." Pamenepo ndi pamene ndikanalankhula. Ndinati ndidzamuuza tikakolola. Titakolola ndinati ndidzamuuza tchuthi chikafika. Mvula itabwera anadwala malungo aakulu, ndipo pa tsiku lachinayi anatisiya.

Amayi muli kumbuyoko, ndikukuonani. Ndiloleni ndimalize.

Kwawo kwa Felizarda mwana ndi wa kuchikazi, mukudziwa. Itakwana nthawi yondisudzula, abale ake anasonkhana. Atsibweni ake anaimirira, nati, "Mkamwini, mwana wathu munamusunga bwino. Mlandu mulibe. Ndipo chifukwa cha khalidwe lanu, tagwirizana kuti Nelsa mupite naye, mukamulere ndinu."

Nelsa ndi mwana wathu yekhayo, wa zaka zisanu. Ndinkapempherera mawu amenewo sabata ndi sabata. Koma atanenedwa, ndinalephera kuwalandira. Ankandipatsa mwana chifukwa cha bodza. Ndinapempha kuti ndilankhule ndi apongozi anga, mayi ake a Felizarda.

Tinakhala kuseri kwa nkhokwe, iwo atayang'ana kumbali monga mwa ulemu wathu. Ndinawauza zonse, za shapa, za mtengo, za loko. Anayamba kutola tizitsotso pa chitenje chawo.

"Ndiye kuti mwana wanga anapita akudziyesa wopepera?"

"Inde, amayi."

"Pamene sanayesedwe n'komwe."

"Inde, amayi."

"Nelsa atsala."

Sindinatsutse. Ndinakwera njinga ndekha. Masabata asanu ndi awiri sindinamuone mwana wanga. Kuno kutchalitchi ndinkabwera, koma munkandiona ndikutuluka pemphero lisanathe. Sindinkapempha Mulungu kuti andibwezere mwana, chifukwa ndinalibe nkhope yopemphera zimenezo. Ndinkangoti, Ambuye, mwamva.

Mwezi wathawu apongozi ananditumizira uthenga kuti ndipite. Ndinawapeza akusenda nyemba. Sanandipatse moni wautali.

"Bambo a Nelsa, musaganize kuti ndakukhululukirani. Ndikuyesa, koma sizinatheke. Mukanakhala chete, bwenzi muli ndi mwana kunyumba kwanu, zimenezo ndaziganiza. Mwanayu akumafunsa za inu m'mawa uliwonse, mpaka ndatopa naye. Lachisanu muzimutenga, Lamulungu madzulo muzimubweza. Akadzayamba kukaphunzira ku shikola tidzakambirananso."

Ndinati, "Zikomo, amayi."

Anati, "Musandithokoze. Akadzakula mudzamuuze nokha zimene munachita. Ine sindikuthandizani."

Ndinavomera.

Abale, umboni wanga si wa munthu amene zonse zamuyendera. Felizarda sadzamva kupepesa kwanga. Sindidzadziwa ngati akanapambana, ndipo atsikana amene akanawathandiza sindingawawerenge. Zimenezo ndizisenza. Abambo anzanga, sindikulalikirani, ndilibe udindo wotero. Ndangokuuzani pamene ndinaima ndi zimene ndinachita.

Koma Mulungu sanalole kuti ndilere mwana wanga pa bodza. Anatsegula pakamwa panga pa tsiku limene kukhala chete kukanandipindulira, ndipo pamene ndinayenera kutaya zonse, anandisiyira masiku atatu pa sabata. Sindinawagwirire ntchito masiku amenewo. Ndi chifundo chokha.

Ndikuthokoza abusa, amene anandimvera osandifulumizitsa. Ndikuthokoza apongozi anga, amene sali pano, ndipo sananamizire kukhululuka kuti andisangalatse. Muwapempherere.

Nelsa ali panjapo ndi anzake a Sande sukulu. Lero ndi Lamulungu, madzulo ano ndikamutula kwa agogo ake, ndipo Lachisanu ndikamutenganso. Ine kuimba sindinayambe bwino, mawu amandithera. Choncho ndikupempha inu, kwaya ndi mpingo wonse, mukondwere nane pa masiku atatuwa, muimbe m'malo mwanga.

Ambuye alemekezeke. Amen.