Kabotolo ka Sinamoni M'chikwama Changa

Ambuye alemekezeke, abale ndi alongo! Mukundiona ndaima pano? Ndi chisomo chokhachokha.

Nthawi ija ya recession, chuma chitasokonekera, hotelo imene ndinkachapako zofunda inatsekedwa. Ntchito inatha. Heating yotenthetsa m'nyumba sindinkayatsa, ndalama kunalibe. Mphepo ya ku Skerries kumene ndimakhala kunja kuno mukuidziwa, imalowa mpaka m'mafupa. Ine wa ku Nsanje, kumene ngakhale nkhuku zimayasama ndi kutentha!

Neba wanga anali mayi wa ku Japan. Tsiku lina anandigwira dzanja, akuti, "Mama, mwazizira ngati nsomba!" Anandiphikira tiyi wa khungwa la sinamoni ndi jinja. Akuti kwawo ndi mankhwala akalekale, otenthetsa thupi, a chimfine ndi m'mimba. Koma anandichenjeza: "Kwathu dokotala amayamba wakuona lilime, wakugwira pamimba, ndiye akupimira. Pang'ono pokha, mama."

Ine kumva? Kwathu zitsamba timawiritsa mphika wonse! Ndinakagula thumba lathunthu la sinamoni wa ufa. M'tiyi masipuni atatu. M'phala masipuni atatu. Miyezi inayi, abale. Miyezi inayi!

Kenako kusanza. Maso achikasu. Mwana wanga wamkazi anathamangira nane kuchipatala. Adokotala akuti chiwindi chatupa. "Mumamwa chiyani kunyumba?" Ine, "Palibe." Mawa lake, "Palibe." Inu mukudziwa, kwathu zitsamba sitiulula kuchipatala, manesi amakalipa. Komanso ine mtsogoleri wa kwaya, anthu amve kuti ndimamwa zitsamba? Chiwindi chikuipiraipira, ine kabotolo ka sinamoni kali m'chikwama, ndikuthirabe m'tiyi wa m'chipatala momwemo. Ndinkati kakundithandiza!

Tsiku lachitatu nesi wina wa ku Zambia anandipezerera. "Amai, nichani ichi? Mufuna kufa na chinsinsi?"

Ndinalira, abale. Ndinalira ngati mwana. Ndinaulula zonse.

Adokotala sanakalipe n'komwe. Anangoti sinamoni wamtundu umenewu akachuluka amapweteka chiwindi, makamaka kwa munthu amene akumwa kale mapiritsi ngati ine. Akuti ndisiye kumwa, tione.

Ndinasiya. Masabata angapo, maso anayera. Aleluya!

Lero chiwindi chili bwino. Ndikugwira ntchito yosamalira okalamba ku Dún Laoghaire, masiku atatu pa sabata, ndipo ndimawaimbira nyimbo zakwathu, amvetse asamvetse. Ndikuthokoza nesi uja, ndikuthokoza inu amene munkandipempherera. Mapemphero anu ankafika, koma ine ndinali nditakhoma chitseko ndi bodza. Mulungu anandichiritsa tsiku limene ndinasiya kunama. Ameni!