Achimwene Anandipatsa Mbewu Yawo Yonse

Zikomo aulutsi. Ndine mayi wa kwa Kaphuka ku Dedza. Nkhani iyi atsibweni anga andiletsa kuitumiza, koma muiwerenge basi.

Achimwene anga ankakhala chikamwini. Akazi awo atamwalira, akuchikazi anawasudzula, ndipo anabwerera kwathu opanda ana, opanda dimba. Ankangokhala duu pakhonde. Misozi ikayamba kulengeza, tinkawauza kuti, "Limbani mtima, ndinu mwamuna."

Tsiku lina m'mawa anandibweretsera mbewu yawo yonse ya kachewere, yophukira kale, nthawi yobzala itakwana. Kwathu kuno munthu sagawa mbewu yonse, ngakhale kwa mayi ake omubala.

Ndinawafunsa, "Nanga inuyo mubzala chiyani, achimwene?"

"Bzalani inu, achemwali. Ine ndatopa."

Ndinathokoza mpaka kuwomba m'manja, osadziwa kuti akutsanzika. Sabata isanathe, anadzipha.

Pamaliro atsibweni anauza anthu kuti anali malungo. Dzulo anandiopseza kuti ndikangoulula pa wailesi, ndisadzapondenso pakhomo pawo. Koma sindingakhale chete. Mwana wa atsibweniwo nayenso waferedwa mkazi, ndipo wayamba kudzitsekera m'nyumba.

Inu omvera, wofedwa akayamba kugawa zinthu zake, musathamangire kuthokoza. Khalani naye pansi, mumufunse mosazungulira ngati akuganiza zodzipha, ndipo mupite naye kuchipatala. Musamusiye yekha.

Atsibweni, ndikudziwa kuti wailesi ili pambali panu. Zimitsani ngati mukufuna, koma nyamukani mukagogode pachitseko cha mwana wanu lero lomwe.