Anajambula Chikhatho, Lovulala Linali Phewa

Moni nonse amene mumawerenga zimene ndimalemba pano, mtendere wa Ambuye ukhale pamakomo panu. Ine ndine Nangozo wa ku Nathenje. Lero ndikuuzani za mkono wanga wamanja, umene ndinayenda nawo wovulala milungu isanu anthu akunena kuti ndikunamizira.

Ndinakwatiwa chitengwa kumudzi wina kuseri kwa Mitundu. Tsiku lina tikusankha fodya m'chigafa, amuna anga anapeza kuti ndasakaniza masamba. Sanafunse kanthu. Anandigwira mkono n'kuupotokola mpaka ndinamva kuti thu paphewa. Kuyambira pamenepo chigongono chinakakamira m'nthiti, ndipo sindinkatha kutembenuza chikhatho ngakhale kuti ndilandire mchere.

Patatha masiku atatu ananditengera kuchipatala china cholipira, chifukwa aneba anali atayamba kufunsa. Panjira anandiuza kuti, "Ukakatsegula pakamwa, usabwererenso pakhomo panga." Kwa adokotala anayankhula ndi iwo: "Anagwa pangolo awa, akuti dzanja likupweteka." Adokotala atandiyang'ana, ndinavomera ndi mutu. Bodza linali la ngolo lokha. Za dzanja zinali zoona, pakuti kwathu kuno tikati dzanja timayambira kuzala mpaka kuphewa. Koma papepala la kuchipatala dzanja limathera pamfundo ya chikhatho.

M'chipinda chojambulira ekisireyi anandikhazika pampando, n'kuyala chikhatho changa pathebulo, zala zitatambasuka. Ndinaona ndithu kuti kuwala kwa makina kwathera kumunsi, kutali ndi pamene pakupweteka. Ndinangowalola kuti ajambule. Amuna anga anali chiimire pakhomo, komanso ndinkati ophunzira amadziwa, mwina makinawo amaona mpaka kumtunda.

Chithunzi chinatuluka mafupa onse ali bwinobwino. Amuna anga anachinyamula ngati satifiketi ya sukulu. Aliyense wofika pakhomo ankamuonetsa atachikweza padzuwa, amvekere, "Tawerengani zala izi, chathyoka n'chiti?" Apongozi anga aakazi anati ulesi wokha ndi umene suoneka pamakina. Anandisenzetsa ndowa pamjigo, ndinaigwetsa, akazi anzanga n'kumaseka chikhakhali. Alamu anga anandipatsa dzina loti Adzanja. Mwana wanga akalira ndinkalephera kumubereka, ndinkangomukoka ndi mkono wamanzere. Ndinkapemphera, koma ndisaname, ndinkapemphera mokwiya. Ndinafika podzikayikira kuti mwina mutu wanga ndi umene wasokonekera, popeza aliyense ankati makina sanama.

Mlungu wachisanu amuna anga anandikweza minibasi, mwana pamiyendo, chithunzi chija m'jumbo, kuti ndikaonetse kwathu chifukwa chimene andibwezera.

Ku Nathenje akulu anga aakazi anandivula bulauzi kuti andisambitse. Anaona phewa litaphwa kutsogolo, kumbuyo kuli chotumphuka, ndipo m'mawa mwake ananditengera kuchipatala chachikulu. Odwala anali ambiri. Adokotala anaona m'buku langa mwalembedwa dzanja, n'kunditumizanso kokajambula dzanja lomwelo. Pamzere paja ndinangoti, Ambuye, ngati mumaona, onetsani anthuwa.

Wojambula anali mayi aafupi a magalasi, osaseka. Anawerenga pepala, kenaka anayang'ana mmene ndinanyamulira mkono. "Mayi, musandiuze dzina la chiwalocho," anatero. "Lozani ndi chala pamene pakupweteka." Ndinaloza paphewa. Anatuluka ndi pepala lija, n'kubwera nalo litasinthidwa.

Anandiimiritsa msana utatsamira chibolodi chozizira, n'kundiuza kuti ndigwire mpweya pang'ono. Atayang'ana pakompyuta anapukusa mutu. "Phewa likajambulidwa chakutsogolo kokha limatha kubisa. Tilionenso chakukhwapa." Anandigoneka chagada, n'kuyamba kupatula mkonowo kuchoka m'nthiti pang'onopang'ono, ine misozi ili chuchuchu. Anaika kabolodi kojambulira pamwamba pa phewa, makina n'kulozetsa m'khwapa. Atatha ananditembenuzira kompyuta ija. Ngakhale ine wosaphunzira ndinaona kuti mutu wa fupa uli kunja kwa malo ake, wathawira kumbuyo.

"Fupa ili linaguluka kalekale. Mwakhala nalo bwanji masiku onsewa?"

Ndinalira mokweza mpaka akulu anga analowa. Kanali koyamba munthu wa kuchipatala kundikhulupirira. Mayi ojambulawo atafunsa ngati ndinagwadi pangolo monga zinalembedwera m'buku, ndinanena zonse mmene zinachitikira.

Anandichita opaleshoni, chifukwa nthawi yobwezera fupa ndi manja inali itadutsa. Adokotala anati likanaoneka mlungu woyamba, mkono ukanachira wonse. Mawu amenewo amandiwawabe.

Mvula itayandikira, amuna anga anatuma ankhoswe kuti ndibwerere, akuti munda ukudikira. Ndinawayankha kuti akawauze kuti wolima wawo anamuthyola okha. Sindinabwerere, ndipo amayi a kumpingo anaima nane.

Ndikuthokoza Mulungu amene anaika mayi aja pantchito tsiku limenelo, ngakhale dzina lawo sindinafunse n'komwe. Inu amene mukuvutika chamumtima, musatope kupemphera, komanso musaope kunena pamene pakuwawa, ngakhale onse akusekeni. Mkono wanga sukwera kupitirira khutu, ndipo sudzakweranso. Lamulungu anzanga akakweza manja potamanda, langa lamanja limathera pomwepo, koma ndimalikwezabe.