Ulendo Wosapita Kulikonse

Pa siteji ya basi pa Mzimba Boma, achinyamata a chipani atangotha kuona ngati aliyense ali ndi khadi la chipani, mlimi wina wachikulire anatembenukira kwa namwino amene anakhala naye pabenchi.

"Amama, ndapota, ndithandizeni. Mwana wanga Elube anakwatiwa ndi kalaliki pompano. Dzulo mwamunayo ataweruka, anatengana awiriwiri n'kutuluka. Ine ndinawalondola."

"Anapita kuti?"

"Palibe! Anazungulira msika, anagula mtedza wokazinga, kuseka, mbwenu n'kubwerera."

"Kumeneko n'kuwongola miyendo, bambo. Ifenso timatero. Kumakoma."

"Osakaona wodwala? Osakatenga kanthu?"

"Ayi."

"Ndiye mkamwini wangayo mutu uli bwino? Ndimati mwanayo ndibwerere naye kumudzi."

"Musiyeni. Amakondana amenewo."

"Kukondana? Nanga amake Elube, amene ndayenda nawo mpaka kukalamba, iwo pambuyo atasenza chimanga, ndikawauze kuti chiyani?"