Ankati Ndi Khate, Koma Chinali Chikwanje

Ndikupatsani moni nonse, abale ndi alongo, m'dzina la Ambuye wathu. Ambiri mwagwirapo dzanja langa lopindika zala ziwirili, koma simunafunse. Lero ndikufuna mudziwe kumene linachokera, ndi mmene Mulungu anatilanditsira tsiku limene anthu anafuna kutipha chifukwa cha dzanja lomweli.

Makolo anga sindinawadziwe. Anandilera ndi anganga, mayi awo a mayi anga, kwathu ku Mozambiki, kuseri kwa mapiri a Namwera. Nkhondo itatifika ndinali nditangotha msinkhu. Amuna a mfuti anatipeza kumunda tikupalira chinangwa. Mmodzi anagwetsa anganga nkuyamba kuwaponda m'nthiti, ine nkumugwira mwendo. Anatembenuka ndi chikwanje, ndinakweza mkono kuti nditchinge mutu, ndipo chinanditema mkati mwa mkono wamanja, pakati pa khwapa ndi chigongono. Anatisiya poyesa kuti ndafa. Anganga anang'amba mpango wawo nkumanga balalo, tinalowa m'tchire mpaka tinatsikira m'mudzi wina wa asodzi pafupi ndi Malindi.

Mayi wina dzina lawo Abiti Saidi anatipatsa khumbi kuseri kwa nyumba yawo, ife tikuwathandiza kuwamba nsomba. Bala linapola, koma chala chaching'ono ndi chinzake choyandikana nacho zinachita dzanzi, kenako zinapindika ngati zikhadabo za nkhuku. Chipseracho sindinaonetse munthu. Ndinkavala malaya a manja aatali, ndipo za nkhondo sindinkafuna kuzitchula. Kuyambira ubwana ndinali munthu wongoyang'ana, wosalankhula.

Tsiku lina tikutembenuza milamba pawaya, mbali ya dzanja langa inatsamira pachitsulo chamoto. Sindinamve kanthu. Amene anamva fungo la khungu lopsa ndi mayi amene anali pambali panga. Anayang'ana dzanjalo, anandiyang'ana kumaso, anatola mwana wake nkuchoka. Pofika mawa lake mudzi wonse unkati mtsikana wothawa nkhondo uja ali ndi khate, ndipo wakhala akugwira nsomba zimene anthu amadya. Ogula a ku Mangochi atamva, anadutsa doko lathu osaima.

Asodzi anatibwerera dzuwa lili pamutu, atanyamula nkhafi ndi zibonga. Abiti Saidi anawatchingira njira, koma anawakankhira kumbali. Khumbi lathu analiyatsa moto. Anganga anagwada kupempha, wina anawamenya ndi nkhafi pamphumi, magazi nkutsikira m'maso. Ine anandikola khosi ndi chingwe cha khoka, poopa kundigwira ndi manja, nkumandikwekweza pamchenga kulowera kumadzi. Pakamwa panga sipanatuluke mawu. Mumtima mokha ndinati: Ambuye, kwathu kuli chikwanje, kuno kuli madzi, ndionetseni pothawira.

Pamenepo panatulukira bambo wina wosoka maukonde, Che Bwanali, Msilamu wokhala yekha kumapeto kwa mudzi. Iwowo anadwalapo khate lenileni, anachira ndi mankhwala a kuchipatala, koma zala zawo zinatsala zibuluma. Anangolowa pakati pa gulu, ndipo anthu anapatuka okha poopa kukhudzana nawo.

“Khate ndimalidziwa, ndagona nalo mphasa imodzi,” anatero. “Inu mwaliona kuti, anyamata? Mukuopa kumugwira, koma kumumiza simukuopa?”

Anandiyang'ana nkhope ndi miyendo kufuna mawanga, sanapeze. Anasisita mkono wanga kuchokera pachigongono kukwera m'mwamba, mpaka anakhudza chotupa pansi pa malaya. Anapempha Abiti Saidi kuti akwinye malayawo, chipsera chonse nkuonekera. Che Bwanali atadina pakati pake, ululu unathamanga ngati mphezi mpaka kuchala chaching'ono chija, ndipo ndinakuwa mokweza koyamba chichokereni kwathu.

“Mwamva? Dinani apa, akumva uko. Ichi ndi chikwanje. Mwanangu, auze anakutema ndani.”

Ndinafotokoza zonse, chingwe chidakali m'khosi. Amene anachigwira anachitaya pansi. Palibe anapepesa tsiku limenelo, anangobalalika mmodzimmodzi.

Che Bwanali anatiperekeza kuchipatala, kumene anasoka anganga pamphumi. Adokotala anandiyeza nkunena kuti si khate. Anati mkati mwa mkono mumadutsa mtsempha umene umapereka mphamvu ndi kumva ku zala ziwirizo, ndipo chikwanje chinaudula. Nthawi youlumikiza inali itapita. Anandiphunzitsa kuwongola zalazo tsiku ndi tsiku kuti zisaume, ndi kuyang'ana ndi maso pamene dzanja silimva. Titabwerera, tinapeza ena mwa amuna omwe aja akuzika mitengo ya khumbi latsopano, nkhope zili pansi.

Abale anga, zala zanga sizinawongoke, ndipo sindikunamizani kuti zinachira. Koma anganga anakalamba m'mudzi umenewo mwamtendere, anaikidwa m'manda a eni mudzi, ndipo ana anga anabadwira pomwepo. Ndikuthokoza Mulungu amene ananditumizira munthu woti aliyense ankamuthawa. Inu amene mwapanikizika lero, musaleke kupemphera, ngakhale mawu atakana kutuluka. Wokulanditsani angakhale munthu amene simunamupatsepo moni. Ambuye akusungeni nonse. Ameni.